Madzi Amene a Kamphinda Ankakana

Lamba wa makina oyezera atangomangidwa m'chiuno mwa mkulu wina wa imvi mbuu, magetsi a m'chipindamo anazilala pang'ono, ndipo pamwamba pa tebulo panatulukira chinthu chowala, chozungulira ngati chipanda, chikulendewera m'malere popanda chochigwira. Chinali chikhodzodzo cha mkuluyo. Mwiniwake anali atakhala pampando, malaya ali m'thupi, buluku lili m'thupi, koma za m'kati mwake zonse zili pambalambanda.

"Mayo ine! Chimenechi n'changa?" anafunsa mkuluyo, maso ali tong'o.

"N'chanu chomwe, bambo," anayankha mawu ofatsa ochokera m'lambamo. "Musaope. Pumani bwinobwino, ndikuyeza."

Makinawa ankatchedwa Kamleme. Dzinali linachokera pa kagwiridwe kake ka ntchito. Mleme umaona njira ndi kulira kwake, ndipo lambayu naye ankatumiza m'thupi timafunde ta phokoso losamveka ndi khutu la munthu. Timafundeto tikagunda chiwalo tinkabwerera, kompyuta n'kujambula zimene tapeza. Kujambula ndi phokoso sichinali chinthu chachilendo, poti amayi oyembekezera anayamba kalekale kuonera ana awo mwa njira imeneyi. Chachilendo m'chaka cha 2074 chinali chakuti Kamleme ankalosera.

Mwamuna aliyense ali ndi kachiwalo kotchedwa pulositeti, kamene kamakhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akamakula, kachiwaloka nakonso kamakula. Kwa ena kamakulira m'mbali, ndipo mapiritsi amakwanira. Kwa ena kamatumphukira m'mwamba, kulowa m'chikhodzodzo, n'kuyamba kutseka khomo. Kale madokotala nthawi zambiri ankamuona munthu atatsekeka kale, akubuula pamachira. Kamleme ankayeza kutumphukako, kuchindikala kwa khoma la chikhodzodzo, ndi mkodzo umene watsalira munthu akataya madzi. Akatero ankafanizira ndi za amuna miyandamiyanda amene anawaonapo, n'kunena mosapita m'mbali kuti uyu mapiritsi, uyu opaleshoni mavuto asanafike.

"Inu, bambo, opaleshoni sikukukhudzani," anatero Kamleme. "Mapiritsi okha. Tidzaonane chaka chamawa."

Mkulu uja anatuluka m'chipatala chaching'ono cha pa Nsanamira akuvina, ndodo ataiwala m'kati.

Koma Kamleme anali ndi chofooka chimodzi. Phokoso limayenda bwino m'madzi, choncho chikhodzodzo chinkayenera kukhala chodzaza ndithu kuti chithunzi chituluke. Chikakhala chopanda kanthu chinkakhwinyata, ndipo makinawo, popeza anawapanga kuti asamaname, ankangoti, "Pepani bambo, sindikuona bwino. Mubwerenso mutamwa madzi okwanira." Amene anapanga Kamleme sanachione ngati vuto chimenechi. Iwowo sankawadziwa madoda a pa Nsanamira.

Mmodzi wa madodawo anali a Lonjezo Kamphinda, a zaka 67. Paunyamata wawo anapalasapo kabaza, nthawi ija njinga zinkayendera minofu ya munthu, ndipo nkhani imeneyi ankaikamba kwa wofuna ndi wosafuna yemwe. Tsopano anali mlimi wa tomato, ndi dimba la timipope todontheza madzi pa tsinde lililonse. Anali munthu wa ulemu wake, wolankhula pang'ono, wosafuna kuti wina awaone atafooka.

Vuto lawo linayamba mwakachetechete. Akapita kuseri ankaima nthawi yaitali, madzi n'kumangodontha, ndipo akabwerera pampando ankamva ngati sanapiteko n'komwe. Kutchalitchi anasamuka pabenchi lakutsogolo n'kukakhala pafupi ndi khomo, ati zokuzira mawu zinkawasokosa. Kumaliro ankasowa ulaliki uli pakati. Usiku ndiye chitseko sichinkapuma. Akazi awo, a Nachisale, ankaona zonsezi, poti munthu amene wakhala nawe zaka makumi anayi sumubisira kanthu.

"Bambo a Ganizani, pitani mukavale lamba uja," anatero tsiku lina. "Anzanu akupita."

"Ndili bwino ine. Ndi ukalamba chabe."

"Ukalamba nanenso ndili nawo, koma chitseko sindikuchizunza chonchi."

A Kamphinda ankaopa zinthu ziwiri. Choyamba anachitola pashedi yosinthira mabatire a njinga zamoto, pamene madoda ankasonkhana masana kusewera bawo. Mwini nkhani pamenepo anali a Fatsani Chidzanja, mnzawo wa kuyambira ku pulayimale, munthu wodziwa chilichonse ngakhale chimene sanachionepo.

"Amwene, musanamizidwe," anatero a Chidzanja akugwetsa nkhomo m'maenje. "Lamba ameneyo akangoti opaleshoni, kwanu kwatha. Akakugwirani pamenepo, m'nyumba mumangokhala ngati mchimwene ndi mchemwali. Msuweni wa mlamu wanga zinamuchitikira."

Msuweni ameneyu palibe amene anamuonapo, koma pashedipo ankadziwika kuposa phungu.

"Nanga titani, poti amayiwa sakutipatsa mpata?" anafunsa wina.

"Pitani, koma mupite mouma. Kuyambira dzulo lake osalawa madzi. Tiyi ayi, phala ayi. Musanalowe, mukataye kotsalako. Makina aja akati sindikuona bwino, inu kunyumba mukanene kuti sanapeze kanthu. Pamenepo mwanama pati?"

Madoda anaseka chikhakhali, ena mpaka kugwirana manja. A Kamphinda sanaseke kwambiri, koma nzeruyo anaisunga.

Chachiwiri sanachinene kwa munthu aliyense. Mwana wawo Ganizani anakwatira dokotala, dzina lake Sungeni, ndipo Sungeniyo ndi amene ankayang'anira matenda a amuna m'boma lonselo. Aliyense ankadziwa kuti zithunzi za Kamleme zimadutsa m'maso mwake. Tsono Sungeni anali mpongozi wawo. Sanadyerepo naye pamodzi, akakumana panjira mmodzi ankapatuka, ndipo ngakhale pafoni ankalankhulana kudzera mwa Ganizani kapena a Nachisale. Dziko linali litasintha, masitima akuyenda opanda woyendetsa, koma kunyumba kwa a Kamphinda ulemu umenewu unali pomwepo. Mpongozi wawoyo ankamukonda ndipo ankamunyadira kwambiri. N'chifukwa chake akangoganiza kuti iyeyo aone za m'munsi mwa mchombo wawo, thupi lonse linkachita tsembwe. Mumtima ankati bola kufa.

A Nachisale atalimbikira, a Kamphinda anapita, ndipo anapita mouma. Anavala lamba, magetsi anazilala, koma pamwamba pa tebulo panangooneka kautsi kopanda mutu.

"Pepani bambo, sindikuona bwino. Mubwerenso mutamwa madzi okwanira."

"Chabwino, bwana," anatero a Kamphinda mwaulemu, ngati munthu wokhumudwa.

Kunyumba anati makina sanapeze kanthu. Patapita miyezi a Nachisale anawakakamizanso, iwo anapitanso mouma, n'kubwerako ndi yankho lomwelo.

Zikanathera pamenepo bwenzi zili ndi kamutu. Koma a Kamphinda anazindikira kuti tsiku limene sanamwe madzi, maulendo a kuseri ankachepa. Anayamba kuuma tsiku lililonse. Loweruka sankamwa kuti Lamlungu akhale bwino m'tchalitchi. Akamva za maliro, madzi ankawasiya pomwepo. Mapeto ake analeka ndi tiyi yemwe.

"Tiyi wanu wazizira," anatero a Nachisale.

"Sindikumufuna."

"Inu amene munkamwa mpaka ketulo kuuma? Mwalowa mpingo wanji, bambo a Ganizani?"

A Kamphinda ananyamula chipewa n'kupita kudimba, kumene m'mawa uliwonse ankayenda mzere ndi mzere kuona ngati tomato aliyense wamwa mokwanira. Tsamba limodzi likafota ankapsa mtima n'kuyamba kutokosa timipope. Milomo yawo inali itang'ambika, msana ukuwawa cha m'mbali, koma zimenezo sankaziwerengera.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene anawerama kuti akonze kampope kena ndipo dimba lonse linazungulira. Anagwa chafufumimba pakati pa mizere. Wotchi yapamkono imene Ganizani anawagulira inamva kugwako ndi kuthamanga kwa mtima, n'kuitana ambulansi yodziyendetsa yokha. A Nachisale anafika akuthamanga, mpango uli m'manja, n'kupeza anthu oyandikana nawo akuwanyamula kale.

Atatsitsimuka, a Kamphinda anapezeka ali pabedi, diripi ili pamkono, akazi awo ali pambali maso atafiira. Namwino wina wamwamuna, wachikulire ndithu, ankasintha thumba la diripiyo.

"Mwadzuka, bambo? Munauma ngati chikuni. Koma tsopano mwabwerera."

Patapita nthawi a Kamphinda anayamba kutembenukatembenuka. M'munsi mwa mimba munali mutalemera. Namwino anawaperekeza kuchimbudzi, anadikira panja mpaka kutopa, ndipo atatuluka anangowayang'ana kumaso n'kupita kukatenga lamba.

"Ameneyo musavutike naye," anatero a Kamphinda. "Ine samandiona. Komanso madzi sindinamwe."

"Mwamwa, bambo. Mwamwera pamkono."

A Kamphinda anayang'ana thumba lija likudontha pang'onopang'ono. Asanapeze chonena, lamba anali atamangidwa.

Magetsi anazilala. Ulendo uno sikanali kautsi. Chikhodzodzo chinaima m'malere chathunthu, chowala, ndipo pansi pake panali kanthu kofiira kotumphukira m'kati ngati chala.

"Lero ndikukuonani bwino, bambo Kamphinda," anatero Kamleme. "Kofiirako ndi pulositeti yanu. Si yaikulu kwambiri. Ena ali nazo zoposa apa ndipo amangomwa mapiritsi. Koma yanu yakulira m'kati, yatsamira pakhomo penipeni. Khoma la chikhodzodzo lachindikala chifukwa chokankha movutika. Mkodzo wotsalira wayamba kubwerera kumtunda, ndipo impso zayamba kutupa, makamaka ya kumanzere."

"Ndi khansa?" anafunsa a Nachisale.

"Sindikuona chizindikiro cha khansa, mayi, koma magazi adzatsimikizira. Chimene ndikuona ndi ichi: mwa amuna amene ndinawaona ali chonchi, pafupifupi onse anatsekeka miyezi yochepa chabe itapita. Mapiritsi apa sangathandize. Pakufunika opaleshoni, ndipo impso sizingadikire."

A Kamphinda sanamve zonsezo. Anali ataphimba nkhope ndi dzanja. M'mutu mwawo munali chithunzi chimodzi chokha: mpongozi wawo ali muofesi, akuyang'ana chinthu chofiiracho. Mwadzidzidzi anadzuka n'kuyamba kumatula pulasitala wa pamkono.

"Ndipatseni nsapato zanga. Ndikupita kunyumba."

"Kunyumba kukatani?" anakuwa a Nachisale atawagwira dzanja. "Simunamve za impso?"

"Nachisale, ndisiye."

"Sindikusiyani mpaka munene. N'chiyani chimene mukuthawa?"

A Kamphinda anayang'ana namwino, namwino n'kutuluka. Kenaka ananong'ona, mawu ali ngati a mwana: "Apongozi aona. Zonsezi zapita kwa apongozi. Ndidzawayang'ana bwanji?"

Zaka zonsezi a Nachisale ankaganiza kuti amuna awo amaopa mpeni basi.

Nthawi yomweyo kunja kwa katani yotchinga bedi kunamveka kuwomba m'manja kwapansipansi. Anali Sungeni. Anamva kuti apongozi ake akomoka ndipo anasiya zimene ankachita ku chipatala chachikulu n'kuthamangira ku Nsanamira. Sanalowe. Anagwada kuseri kwa katani nkhope atalozetsa kukhoma, chovala choyera cha udokotala chili m'thupi, chitenje atamanga pamwamba pake.

"Amayi," anatero, "ndapota nanu, afunseni abambo kuti akupeza bwanji."

A Nachisale anatembenukira kwa amuna awo, amene anali pafupi moti akanatha kuwagwira khutu. "Apongozi anu akuti mukupeza bwanji."

"Auze kuti ndili bwino, ndikupita kunyumba."

"Akuti ali bwino, koma akunama. Akuti akuthawa chifukwa inu mwaona za m'mimba mwawo."

"Nachisale!"

Kuseri kwa katani Sungeni analankhula, ndipo zinkamveka kuti akudziletsa kulira.

"Amayi, auzeni abambo kuti ine sindinaone kanthu. Tsiku limene Kamleme anafika m'boma muno, chinthu choyamba chimene ndinachita chinali kumuuza kuti za abambo, za bambo anga ondibereka ndi za amalume anga onse zisamadutse kwa ine. Zimapita kwa dokotala wina ku Zomba. Ngakhale pano sindikudziwa chimene chaoneka. Ndinaleredwa ndi anthu inenso, amayi. Ndikanatha bwanji kuyang'ana?"

A Nachisale sanavutike kubwereza. A Kamphinda anali atamva okha. Anakhala pansi m'mphepete mwa bedi pang'onopang'ono, manyazi atsopano atawagwira, oposa oyamba aja. Anamuganizira mwana wa eni ake kuti alibe mwambo, chonsecho iye anawaganizira kale iwo asanadwale n'komwe.

"Uwafunse," anauza akazi awo, "bwanji sanandiuze."

"Ndikanayambira pati, amayi?" anayankha Sungeni. "Nkhani yake ndi yoti mpongozi angaiyambe?"

Apa ngakhale a Kamphinda anaseka cha m'mphuno. Zinali zoona. Ulemu womwewo umene unawatsekera iwo pakamwa unali utamutsekeranso iye.

"Auzeni abambo kuti dokotala wa ku Zomba uja akudikira," anapitiriza Sungeni. "Ine ndikhala panja." Ankadziwa kuti pali funso limene silingatuluke iye ali pafupi, choncho anadzuka n'kuchoka.

Khoma la kumiyendo kwa bedi linawala, ndipo panaoneka dokotala uja, bambo wadazi, wa magalasi, amene msinkhu wake sunkasiyana kwenikweni ndi wa a Kamphinda. Anapereka moni mwaulemu n'kufotokoza mmene ntchitoyo imayendera. Mpeni panalibe. Kachipangizo kakang'ono kankalowa kudzera m'njira ya mkodzo munthu ali mtulo, Kamleme akuunikira, ndipo kankasema ndi madzi othamanga mwamphamvu gawo lokhalo limene latseka khomo. Dokotalayo ankakayendetsa ali ku Zomba komweko.

A Kamphinda anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga. "Adokotala, nanga... za m'nyumba? Anzathu amati zimatha."

"Anzanuwo anachitidwapo?"

"Msuweni wa mlamu wawo."

"Ameneyo ndinamumvapo, amapezeka boma lililonse," anatero dokotala akumwetulira. "Mitsempha ya zimenezo timaiona bwinobwino ndipo timailambalala. Ambiri amabwerera mmene analili. Sindinganene kuti onse, ndingakhale ndikunama. Chimene chimavuta kwa ena pambuyo pake ndi kubereka."

A Nachisale anaphulika kuseka misozi ili m'masaya. "Kubereka? Ife? Adokotala, zidzukulu zathu zili ku sekondale!"

"Ndiye pamenepo palibe mlandu. Koma chimene ndinganene motsimikiza ndi ichi, achimwene: mukapita kunyumba lero, mudzabweranso. Ndipo ulendo umenewo sitidzakamba za m'nyumba ayi. Tidzakamba za makina osefa magazi."

A Nachisale anagwira dzanja la amuna awo, lija la diripi, n'kulisisita.

"Bambo a Ganizani, ine ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi kachiwaloko. Lero ndakupezani anthu akukunyamulani kudimba, ndimayesa mwapita. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Mukufuna mundisiye ndi tomato?"

A Kamphinda analira. Sanalire mobisa ngati mmene amuna amachitira kumaliro, analira ndithu, mapewa akugwedezeka. Atatha anapukuta kumaso ndi chinsalu cha pabedi n'kunena kuti, "Adokotala, chitani."

Ntchitoyo inachitika sabata yomweyo ndipo sinatenge nthawi. Patapita milungu ingapo, m'mawa wina a Kamphinda anapita kuseri n'kubwerako msanga moti a Nachisale anafunsa ngati aiwala kanthu. Iwo anangokhala pakhonde akumwetulira okhaokha, kenaka n'kufunsa ngati m'ketulo mwatsala tiyi. Za m'nyumba sitinena, poti si zathu, koma a Nachisale sanamvekepo akudandaula. Impso ya kumanja inachira. Ya kumanzere inachira theka lokha, ndipo dokotala anati idzakhala choncho mpaka kalekale.

Nkhani ya impsoyo ndi imene inawasowetsa mtendere. Tsiku lina Sungeni atabwera kudzawazonda, iye ali pamphasa kuseri kwa khonde, iwo ali pampando atayang'ana kumsewu, a Kamphinda anaitana akazi awo.

"Nachisale, uwauze apongozi kuti makina awo ali bwinobwino. Ndife amene timapita mouma."

Anafotokoza zonse, osatchula dzina la munthu. Sungeni anagwira pakamwa. Kwa zaka ziwiri Kamleme wa pa Nsanamira anali atasowetsa anthu tulo, chifukwa ankati "sindikuona bwino" kuposa wina aliyense m'dziko muno. Akatswiri anabwera kudzamumasula, anasintha lamba, anasintha kompyuta, ena mpaka analemba kuti mwina amuna a kuderali ali ndi matupi osiyana ndi a anzawo. Palibe amene anaganiza zofunsa pashedi ya bawo.

"Amayi, afunseni abambo kuti tichite bwanji. Tikawauza amunawo kuti amwe madzi kunyumba, sadzamwa."

A Kamphinda anaganiza. "Uwauze kuti munthu wamkulu sakana chimene wapatsidwa ndi manja awiri pamaso pa anzake. Aziwamwetsa pomwepo."

Mmenemo ndi mmene chisakasa cha pa chipatala cha Nsanamira chinayambira. Anachimanga kuseri kwa chipatalacho, kutali ndi mzere wa amayi ndi ana, n'kuikamo mabenchi ndi chidebe cha thobwa. Mwamuna aliyense wobwera kudzavala lamba ankayamba wakhala pamenepo, kulandira chikho, kumwa, n'kudikira kuti m'munsi mudzaze. Wogawa thobwa anali a Kamphinda, amene anadzipereka okha. Kudikirako kunkatenga nthawi ndithu, ndipo bawo anailetsa dala kuti anthu asaiwale chimene abwerera.

Masiku oyamba madoda ankangokhala, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Koma anthu sangakhale limodzi nthawi yaitali choncho, onse akudziwa chimene akudikira, osatsegula pakamwa. Wina ankayamba ndi nthabwala, wina n'kuwonjezera, kenaka nthabwala n'kutha, zoona n'kuyamba kutuluka. Wina anatchula za magazi amene ankawaona koma osauza munthu, anzake n'kumukokera kwa namwino tsiku lomwelo. Wina anaulula kuti maso ake akuchita chifunga ndipo ludzu silimuthera. Wina analibe matenda alionse, mkazi wake anali atamwalira ndipo m'nyumba munkamukulira. Posakhalitsa namwino anayamba kudandaula kuti thobwa likutha msanga, chifukwa ena ankabwera tsiku lawo lisanakwane.

A Chidzanja anabwera mochedwa kuposa onse. Anafika m'mawa wina atavala jekete lalitali ngakhale kunkatentha, n'kuima patali ngati akungodutsa. A Kamphinda anatunga thobwa, anayenda mpaka pomwe anaima, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Ine ndadya kale, amwene."

"Sindinati mudye. Landirani, anthu akuona."

A Chidzanja analandira. "Mwandikwiyira, eti?"

"Theka la impso yanga linapita ndi nzeru zanu zija," anatero a Kamphinda. "Koma amene anazitola ndine. Imwani, Fatsani. Sindikufuna kudzanyamula bokosi lanu chifukwa cha msuweni amene kulibe."

A Chidzanja anamwa mpaka pansi, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Munthu amene pashedi sankapatsa mnzake mpata wolankhula ulendo uno analankhula motsitsa mawu, osayang'ana munthu.

"Jekete ili ndimavala chifukwa ndimanyowetsa buluku. Chaka chatha mchemwali wanga anamwalira ku Dedza. Ndinati ndadwala malungo. Sindinadwale ine. Ndinaopa ulendo, ndinaopa kukhala pakati pa anthu. Mwana wa mayi anga anaikidwa ine kulibe."

Palibe amene anaseka. Mkulu wina wa kumapeto enawo anachotsa chipewa n'kunena kuti, "Ine ndinathawa ukwati wa mwana wanga." Wina anati, "Inenso, amwene." A Kamphinda anakhala pafupi ndi mnzawoyo, phewa kukhudza phewa, mpaka namwino anatulukira pakhomo lamba ali m'manja n'kuitana dzina la a Chidzanja. Anadzuka onse awiri.

Amene anapanga Kamleme ankafuna makina oti aziona zimene mwamuna wabisa m'thupi, ndipo anawapangadi. Chimene sanachilote n'chakuti pa kanthawi kodikira kuti makinawo aone, amunawo adzayamba kuulula okha zimene phokoso lililonse silikanazipeza.